Za chomera cha m'munda wa udzu ku Kansas: kodi ndi Mead's milkweed?

Achimwene, mwafunsa ngati chomera chotuluka utomoni woyera chomwe mwapeza m'munda wa udzu wa ng'ombe kum'mawa kwa Kansas, ku America, ndi Mead's milkweed, komanso choti muchite udzuwo usanatchetchedwe. Utomoni wokhawo si umboni, abale ake pafupifupi onse ali nawo. Yang'anani mutu wa maluwa.

Mead's milkweed, yemwe dzina lake la sayansi ndi Asclepias meadii, amakhala ndi tsinde limodzi losalala, lotalika masentimita 20 mpaka 40, lotuwa ngati lapakidwa phula. Masamba amakhala awiriawiri moyang'anizana, mapeya awiri mpaka 6, omatirira ku tsinde, m'mbali mwake mopindikapindika, ndipo mitsempha yake imayalana ngati minga ya nsomba. Pamwamba penipeni pamatuluka mutu umodzi wokha wa maluwa 6 mpaka 15, obiriwira mopita koyera, ndipo mutuwo umazyolika kuyang'ana pansi. Izi zimaoneka kumapeto kwa Meyi ndi m'mwezi wa Juni. Ngati maluwa akutuluka m'mphanda za masamba, mitu ingapo patsinde limodzi, ameneyo ndi Asclepias viridiflora. Ngati maluwa ndi akuluakulu oyang'ana kumwamba, masamba osayang'anizana, ndi Asclepias viridis, yemwe ali mbwee m'mabusa a ku Kansas. Tsinde lopanda maluwa musalamulirepo, ngakhale akatswiri limawasokoneza. Khomani chikhomo pambali, mudzabwerenso chaka chamawa.

Ngati ndi iyeyo, mwapeza chinthu chosowa. Boma la America linamuika pa mndandanda wa zomera zomwe zili pachiopsezo mu 1988, ndipo watsala ku Kansas, Missouri, Iowa ndi Illinois, makamaka m'minda ya udzu wachilengedwe yomwe khasu silinapitemo.

Vuto lalikulu ndi nthawi yotchetcha. Alimi amadula udzu kumapeto kwa Juni kapena mu Julaye, pomwe zitheba zake zimakhwima cha mu Sepitembala. Chomeracho sichifa, chimaphukanso kuchokera ku mizu yoyanga pansi, n'chifukwa chake mwinimunda amaona ngati zonse zili bwino. Koma mbewu sizigwa, chaka ndi chaka. Ngakhale mutawerenga mapesi 30, mwina ndi chomera chimodzi chokha, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani: Mead's milkweed sabereka ndi mungu wake womwe. Njuchi zikuluzikulu zaubweya zomwe zimanyamula mungu wake zikangozungulira pa mapesi a muzu umodzi, zitheba sizigwira. Kuonjezera apo, mbewu ikamera imatha zaka 15 kapena kuposerapo isanachite maluwa, ndiye chaka chilichonse chotayika n'chodula.

Choyamba, kambiranani ndi mwinimunda kuti pamalopo pasiyidwe, thirakitala izilambalala mpaka mwezi wa Sepitembala upite pakati, zitheba zitasweka. Ngati sangalole chaka chilichonse, ngakhale kamodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu n'kwabwino. Moto umathandiza kwambiri maluwa ndi mbewu, koma ukhale wa nthawi yomwe chomeracho chagona, chisanaphuke. Moto wochedwa umaotcha mphukira. Mankhwala opha udzu musamwaze ndi thirakitala. Sericea lespedeza, chomera chachilendo chomwe chimalanda malo m'minda imeneyi, mupopereni phata ndi phata, kutali ndi zikhomo zanu. Agwape amabudula mitu ya maluwa, choncho kampanda ka waya kozungulira mapesi amaluwa kamapulumutsa zitheba.

Kukumba n'kukabzala kunyumba ayi, ndipo mbewu musatole nokha. Jambulani mutu wa maluwa kuchokera m'mbali, masamba ndi tsinde, mutumize ku Kansas Biological Survey ku Lawrence kapena ku U.S. Fish and Wildlife Service kuti atsimikize. Ngati zitheba sizikugwira zaka zingapo, iwowa ndi omwe angaone zobweretsa mungu kapena mbande za kumalo ena. Malo enieni musawalembe pagulu pano.

Chaka china mukadzapeza chikhomo chilipo koma tsinde palibe, musachizule. Chomerachi chimatha kugona pansi chaka chathunthu n'kudzatulukanso.