Chimfine chimene chinagoneka azakhali anga m'chipatala

Mayi wina wa ku Leeds, ku England, wandilembera kuti bambo ake, a zaka 70 komanso odwala matenda a shuga, akukana katemera wa fuluwenza ponena kuti chimfine sichinaphepo munthu. Achemwali, kalata yanu yandikhudza kwambiri, chifukwa mawu amenewo ndinawamvapo m'nyumba mwanga momwe.

Azakhali anga, omwe ndinkakhala nawo ku Manchester, ankanena chimodzimodzi. Atayamba kutsokomola chaka china mu Januwale, anawiritsa ndimu ndi jinja, kenaka anafunda bulangete pamwamba pa beseni la madzi otentha monga ankachitira kumudzi ndi masamba a bulugamu. Madziwo ndinkawathirira ndine, mtima uli m'malo. Pa tsiku lachinayi ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, milomo ili gwa, akulephera ngakhale kundiyankha moni chifukwa cha befu. Madokotala anati fuluwenza yayambitsa chibayo. Anagonekedwa masiku 9, ndipo panapita miyezi asanathe kukwera masitepe popanda kupumira panjira.

Ndimaona kuti chimene chimatisokoneza ndi dzina, pakuti timatchula chimfine matenda awiri osiyana. Chimfine wamba chimatsekereza mphuno n'kutha chokha, pomwe fuluwenza imagwetsa munthu mwadzidzidzi ndi kutentha thupi, kuphwanya m'thupi ndi kufooka. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati fuluwenza imapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 chaka chilichonse. Ndinene mosapsatira: kusiya kholo lodwala shuga lilowe m'nyengo yozizira popanda katemera, poopa kuoneka wamwano, si ulemu ayi. Nawo makapisozi amene ena amasunga m'sutikesi pochokera kwathu sathandiza, chifukwa amapha mabakiteriya, osati mavairasi.

Bambowo muwauze kuti katemera wobaya alibe kachilombo kamoyo, choncho sangawapatse fuluwenza, ngakhale kuti mkono umawawa tsiku limodzi kapena awiri. Satchinga kotheratu, koma amachepetsa chiopsezo chodwala mwakayakaya. Amabayidwa chaka ndi chaka chifukwa kachilomboka kamasinthasintha, ndipo thupi limafuna pafupifupi milungu iwiri kuti chitetezo chikhwime. A NHS, omwe amayendetsa zipatala za boma ku UK, amapereka katemerayu ulere kwa a zaka 65 kupita m'tsogolo ndi kwa odwala shuga. Akangoyamba kubaya cha mu Okutobala, funsani kwa GP (dokotala wa m'dera lanu) kapena kufamase, musankhe tsiku, ndipo muwaperekeze nokha.