Sienta yanga inaphedwa ndi munthu, osati msewu

Achimwene, mwati titchule galimoto yomwe sitidzaiwala komanso ngati kugula Toyota Sienta yothamanga takisi Chitakale mpaka Muloza ku Mulanje kuli bwino, ndiye ineyo mwanditosa pachilonda, mpaka pano ndikaona Sienta yasiliva mtima umachita phaa.

Ine ndakulira kumbuyo kwa Peugeot 404 ya madala, ija giya yake ili pachiwongolero, tinkalongeza nanazi ndi mapeyala m'bandakucha wa ku Limbe kudzera Luchenza, Thyolo, Bvumbwe, nthawi imeneyo msewu wa Midima usanakonzedwe. Yanga yoyamba inali Nissan 1400, kabokosi kaja kochokera ku Joni, kabuleta ikatsekeka umangomasula pambali pa msewu kuuzira ndi pakamwa basi ulendo ulipo, batire ikafooka anyamata awiri akankha yalira. Inanyamula njerwa, nthochi za ku Thekerani matenda aja asanazimalize, ngakhale maliro a m'mudzi mwathu. Kenako Corolla 16 valve, imene inavutika nane mu 2011 mafuta atasowa dziko lonse, tikugona pamzere kapena kugula a m'zigubu ochokera ku Milanje ena osakaniza ndi parafini, komabe inapirira. Zonsezi sizinandilizepo.

Yondiliza ndi Sienta. Ndinaitanitsa ku Japan mu 2016, inatsikira ku Dar es Salaam kulowera pa Songwe, ndalama ya msonkho tinachita kusonkherana, ina madamu anakatenga ku banki mkhonde ina ndinagulitsa Corolla ija. Galimoto yabwino zedi amwene, injini 1.5, mipando ya anthu 7, mafuta imangonunkhiza. Tsiku la msika pa Limbuli ndalama inkaoneka, ana fizi osavuta.

Ndiye itakwana nthawi ya sevisi ndinapereka kwa makaniko wina amene timapemphera naye mpingo umodzi, munthu woti ukwati wake ndinanyamula anthu ulere, mwana wake amanditchula kuti ankolo. Ndinamuuza momveka kuti giya bokisi ya iyi ndi CVT, imafuna oyilo wakewake, ndalama yonse ndinamupatsa m'manja kuti akagule weniweni ku Limbe ndi thiransipoti yomwe. Iye anakagula ATF, oyilo wa giya za otomatiki wamba, wotchipa uja wopimidwa m'mabotolo, chenji m'thumba. Kwa amene simukudziwa, CVT ilibe magiya a mano ngati 1400, muli lamba wachitsulo amene amayenda pakati pa mapule awiri, ndiye oyiloyo ndi amene amathandiza kuti lambayo agwire, mukathira wolakwika amayamba kuterereka, kutentha, kudya mapule mpaka zonse phwaa. Inayamba kaphokoso kenakake kowonda pokwera mtunda, ndinabwerera kwa iye, akuti bwana ndi oyilo watsopano ameneyo akukhazikika, yendani. Akundiyang'ana m'maso.

Usiku umenewo unali wa mu Juni, chiperoni chili tsaa, kuzizira kolowa m'mafupa. Madamu anali ndi pakati pothapo ndipo matenda anayamba mwadzidzidzi masiku asanakwane, kusikelo anali atawauza kale kuti mwana sanagone bwino asadzachedwe, adzathamangire chipatala chachikulu ku boma. Tinanyamuka ine, iwo ndi apongozi anga aakazi, beseni, zitenje, fulasiki ya phala. Ndinali ndi mtima pansi kuti galimoto ndili nayo pakhomo, sindikagogoda kwa munthu. Tili pakati pa minda ya tiyi cha ku Mimosa, pa kamtunda kosaopsa n'komwe, ndinangomva injini yakwera vuuu koma galimoto osasuntha, ndikuponda moto nsingano ikukwera matayala ali chilili, kenako fungo lopserera kulowa m'kati. Ndaika pa D palibe, pa R palibe, ndazimitsa ndaliza palibe, yayamba kubwerera chammbuyo ndinachita kukoka handibuleki n'kutsika kukasaka mwala mumdima. Otomatiki siilira pokankha ndipo olo ikanatero injini inali bwinobwino, chomwe chinafa ndi giya.

Kumbuyoko madamu akubuula akundiitana dzina langa lenileni, chinthu chomwe sachita pamaso pa mayi awo, apongozi akungoti bambo chitanipo kanthu, bambo chitanipo kanthu, ine ndichitenji? Foni netiweki kadontho kamodzi, ndaimbira makaniko uja ikuitana osayankha, kachiwiri wathimitsa. Ndaimbira anzanga a pa siteji ena mafoni ozima ena galimoto zili kwa mabwana awo. Magalimoto awiri anadutsa ndikuimika ndi tochi ya foni ndili pakati pa msewu, anangondizemba, ndipo sindiwada chifukwa usiku pamalo ngati paja aliyense amaganiza za achifwamba. Ndinavula jekete kuwafunditsa madamu ine kutsala ndi malaya onyowa, mano akugundana, ndikumva mkazi wanga mawu akuchepa. Apongozi anandithamangitsa kuti nditalikire, mwamuna saonerera zimenezi, ndiye ndinaima m'tiyi ndikulira ngati mwana, ndikupemphera mosalongosoka.

Amene anatipulumutsa ndi mlonda wa ku esiteti, bambo wachikulire, anamva phokoso n'kubwera ndi tochi, anathamanga wapansi kukadzutsa mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto kumalaini. Tangoganizani mayi woti ali pa ululu wotero kumukweza pa njinga yamoto, apongozi kumbuyo atamugwira, mvula ikuwawomba, ine kutsala ndi chigalimoto chakufa osadziwa ngati ndikawapeza amoyo. Anafika, anawachita opaleshoni usiku womwewo, mwana anatuluka atatopa kwambiri koma ali moyo, pano ali ku pulayimale. Anamwino anawauza apongozi kuti mukanachedwa pang'ono tikanakamba zina.

Chilungamo chinadziwika chifukwa cha kamnyamata ka makaniko uja komugwirira masipanala, kanabwera kokha kunyumba chikumbumtima chitakavuta, kanaulula za oyilo ndi zoti batire yanga yatsopano anasinthanso n'kuikamo yakale yopukuta. Nditamufunsa mwini wakeyo akuti galimoto za ku Japan zimabwera zotha kale bwana, musandinamizire. Nkhani inapita kwa akuluampingo, iwo akuti ndi m'bale wanu mwa Ambuye mukhululukireni, pepani yokha osabweza olo 1 tambala, Lamulungu lotsatira ali kutsogolo akuimbitsa kwaya. Ine ngongole ya banki mkhonde ili pakhosi, amayi aja akubwera kudzakhala pakhonde m'mamawa, ndinalowa katapila kuti ndigule giya bokisi ina ya kaunjika ku Ndirande, nayonso sinakhalitse, mapeto ake Sienta ndinagulitsa mtengo wa masipeya. Munthu ameneyo mpaka lero akukonza magalimoto a anthu ndipo tikakumana pa Chitakale amandipatsa moni ngati palibe chinachitika. Kuba ndalama ndikanamva, koma iye ankadziwa kuti mkazi wanga ndi woyembekezera, ankamuona kutchalitchi sabata ndi sabata.

Tsono za funso lanu, Sienta gulani achimwene, musaope, pa msewu wa Muloza palibe inzake pa mafuta ndi malo, ine nditapeza ndalama mawa ndikagulanso yomweyo. Koma oyilo wa giya kagulani nokha chigubu chosatsegula cholembedwa CVT, muime pompo akuthira, batire ndi matayala muzilembe chizindikiro ndi penti. Makaniko musamukhulupirire ngakhale ndi m'bale wanu wa bere limodzi, komabe pokagula musapite nokha, tengani makaniko amene mumamudziwa bwino akaimvere pokwera mtunda itanyamula anthu, ikamalira mowonda kapena kugwedeza ponyamuka isiyeni olo penti ikuwala bwanji. Yogula konkuno yomwe yathamangapo kale takisi ikhale yomaliza kuiganizira, anthu 7 aja timadziwa tonse kuti amakhala 10 ndi matumba a chimanga pamwamba. Blue book ionetsedwe dzina lifanane ndi la wogulitsa, COF (pepala losonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi zikhale zamoyo, madobadoba a mapepala muwapewe. Ndipo musanatumize ndalama kulikonse yambani mwafunsa mtengo wa giya bokisi ku Limbe, chifukwa chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 mitengo ya masipeya yomwe anthu akukuuzani mu gulu muno yambiri ndi yakale.