Azakhali, za ulendo wa ku Fiji zija

Azakhali, mwaswera bwanji? Ndaona funso lanu pagulupu, loti kodi kupita ku Fiji kukaona mdzukulu kumafunika viza kapena ayi. Ndati ndingojambula mawu, kulemba zingatalike.

Ndi pasipoti ya Malawi, simufunsira viza muli kuno ayi. Mukatera pa Nadi, amatchula kuti Nandi, a imigireshoni amakudindirani chilolezo cha mlendo pomwepo, chofika miyezi 4. Amangofuna kuti pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala kuyambira tsiku lomwe muzidzachoka ku Fijiko, tikiti yobwerera ikhalepo, komanso muonetse kuti muli ndi podalira pa ndalama. Asuweni akulembereni kalata yoti mukafikira kwa iwo, aikepo adiresi yawo ya ku Suva ndi nambala ya foni. Muipulinte, azakhali, ikhale pa pepala, chifukwa ulendo wa masiku awiri foni imatha moto.

Tsono pamene ndikufuna mumvetsetse ndi apa. Vuto si Fiji, vuto ndi njira. Matikiti ambiri amadzera ku Johannesburg kenako Sydney, ndipo Australia salola munthu wa pasipoti yathu kungodutsa pabwalo lawo popanda viza yodutsira, ngakhale mutakhala maola awiri okha osatuluka panja. Amaitcha subclass 771. Ndi yaulere, imalola kukhala mpaka maola 72, koma mumafunsira pa intaneti nthawi idakalipo, ndipo yankho silibwera tsiku lomwelo. New Zealand nakonso ali ndi yawo, ngati mungadzere ku Auckland. Ine ulendo uja ndinaona mayi wina pa kauntala ku Johannesburg, masutikesi awiri okulunga bwinobwino mupulasitiki, akuuzidwa kuti sakwera. Anangokhala pansi pomwepo, tikiti ili m'manja. Zinandipweteka kwambiri, ndiye sindikufuna zikuchitikireni.

Ine ndikanakonda mudzere ku Addis Ababa, kenako Hong Kong kapena Singapore. Ku Hong Kong ndi ku Singapore pasipoti yathu siifuna viza, ndipo Fiji Airways imanyamuka kumeneko mpaka pa Nadi osaima. Kungoti mukadikira ndege ku Addis kapena ku Nairobi kupitirira maola 12, ku Fiji akhoza kukufunsani khadi lachikasu lija la katemera wa yellow fever. Bayitsiranitu, osachepera masiku 10 musananyamuke.

China, ndikudziwa mwayamba kale kuganiza za kamba wa ana. Usipa, ufa woyera, nsinjiro, mwina ndi kabotolo ka uchi. Eee, kumeneko pa zakudya ndi mbewu sasewera, amateteza zilumba zawo ku tizilombo. Mundege adzakupatsani kapepala, chilichonse chodyedwa mulembepo kuti muli nacho. Akachiona nkukana, angotaya basi, koma mukabisa nkuchipeza, pali faindi. Uchiwo ungotsala kunyumba.

Komanso asuweni adziwe kuti Nadi ndi Suva si pafupi, pamsewu ndi maola atatu kapena anayi, ndiye abwere adzakuchingamireni. Ndipo ngati mungathe, pewani miyezi ya Novembala mpaka Epulo, ndi nyengo ya anamondwe, ndege zimasinthasintha.

Usiku uno tsegulani pasipoti muone tsiku lothera, mundiuze kumbali, chithunzi chake musaponye pagulupu pano. Tikaona pamenepo ndiye tiyamba kuyang'ana matikiti. Apatseni moni onse kunyumbako.