Andrea, Chiara kapena Gianna: ndimutche ndani mwanayu?

Zikomo Azakhali. Mulungu wandipatsa mwana wamkazi sabata yathayi, ndipo tikadali m'chikuta. Ndinakulira pafupi ndi mishoni, ndipo masisitere ochokera ku Italy ndiwo anandilipirira sukulu mpaka Fomu 4. Pofuna kuwathokoza ndikufuna mwanayu akhale ndi dzina la Chitaliyana. Ndagwira atatu: Andrea, Chiara ndi Gianna. Koma apongozi anga akuti mwana woyamba amatchula ndi iwo. Nditani?
Mayi wa ku Balaka

Mwanawe, tikuthokoza Mulungu kuti mwatuluka bwino nonse awiri.

Andrea muchotseretu. Ku Italy limeneli kawirikawiri ndi dzina lachimuna, ndi Andreya yemwe uja wa m'Baibulo, mbale wake wa Simoni Petro. Bambo wa mwanayo ngati amatsata mpira akuuza za Andrea Pirlo, mwamuna amene anali katswiri wa mpira ku Italy. Kumeneko chilembo cha "a" kumapeto sichitsimikiza kuti dzina ndi lachikazi, pakuti Luca, Nicola ndi Mattia onsewa ndi anyamata. Masisitere akowo atamva angayambe afunsa kaye ngati mwanayo ndi wamwamuna.

Chiara ndimalikonda, ndipo tili nalo pa banja pathu. Tanthauzo lake ndi kuwala, kuyera ngati madzi apachitsime chosavunduka. Mwini wake wodziwika ndi Klara Woyera wa ku Assisi, amene anasiya chuma cha makolo n'kutsata moyo waumphawi wa Fransisko Woyera, ndipo anamwalira pa 11 Ogasiti 1253. Masisitere a chipani chake alipo ngakhale ku Lilongwe. Koma dziwa ichi: Ataliyana "ch" amamutchula ngati "k", choncho dzinali ndi Kiyara. Mdzukulu wanga ali ndi dzina limeneli. Tsiku lina ndinamutengera kusikelo mayi wake atadwala. Ndinakhala pabenchi, mwana ali pamiyendo, anamwino akuitana "Chiyala! Chiyala!" katatu konse, ine osadziwa kuti akuitana ife, mpaka mayi woyandikana nane anasuzumira m'buku lathu n'kundigwedeza. Lero mwanayo ali Sitandade 5, ndipo mphunzitsi aliyense watsopano amayenera kuuzidwa. Iye sadandaula, amangokonza mwaulemu, koma ntchito imeneyo tinamusenzetsa ndife.

Gianna amatchulidwa Janna, "n" womukoka pang'ono. Ndi chidule cha Giovanna, dzina lachikazi la Giovanni, yemwe ndi Yohane, kutanthauza kuti Mulungu wachita chisomo. Gianna Beretta Molla anali dokotala wa ana. Ali woyembekezera mwana wachinayi anamupeza ndi chotupa m'chiberekero, ndipo anapempha madokotala anzake kuti ateteze moyo wa mwanayo. Anamwalira pa 28 Epulo 1962, patangotha sabata imodzi chiberekereni, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamuika m'gulu la oyera mu 2004. Nkhani yake imandigwira mtima nthawi zonse, makamaka ndikaganiza za amayi athu amene sabwerako kuchikuta. Ukandifunsa ine, ndingatenge limeneli, chifukwa Janna ndi losavuta pakamwa pa agogo, ndipo mulibe "r" woti asanduke "l".

Usanatsimikize, lemba mainawo papepala, upatse munthu wamkulu ndi mwana wasukulu awerenge mokweza iwe uli chete. Chimene umve ndicho mwana wako azidzamva tsiku ndi tsiku. Ndipo polembetsa chiphaso cha kubadwa, lemba wekha dzinalo ndi zilembo zazikulu, uonetsetse "n" onse awiri alipo, chifukwa kalembedwe kameneko ndi komwe kadzapite pa masatifiketi ndi pasipoti.

Za apongozi, usalimbane nawo. Iwo akunena mwambo, ndipo Ataliyanawo nawonso ali nawo wawo: kummwera kwa dziko lawo mwana wamwamuna woyamba amatenga dzina la agogo ake aamuna akuchimuna, wamkazi la agogo aakazi akuchimuna komweko. Apongozi apereke dzina lawo pa tsiku lotuluka m'chikuta, ulilandire ndi manja awiri. Kenaka iwe ndi amuna ako mukakhale nawo pansi, muwafotokozere za masisitere aja ndi fizi imene anakulipirira, mupemphe kuti la Chitaliyanalo likhale la ubatizo. Pachiphaso malo alipo a maina onse awiri.

Ukabatiza, jambula chithunzi utumizire masisiterewo, ndipo kumbuyo kwake ulembe dzinalo.

Azakhali