Kodi wophedwa chifukwa chodzudzula boma ndi wofera chikhulupiriro?

Funso: Pa msonkhano wa akuluampingo tinatsutsana za Arkiepiskopi Oscar Romero. Ena akuti anaphedwa chifukwa cholowerera ndale, choncho sayenera kuwerengedwa pamodzi ndi ofera chikhulupiriro monga anyamata a ku Uganda aja. Kodi malire a chikhulupiriro ndi ndale ali pati? Ndine mkulu wa mpingo.

Yankho: Bambo, mtsutso wanuwo unawasowetsa tulo ngakhale akuluakulu a ku Vatican. Romero anawomberedwa pa 24 Malichi 1980 ali paguwa akuchita Misa m'tchalitchi chaching'ono cha pachipatala mumzinda wa San Salvador m'dziko la El Salvador, dzulo lake atalalikira kuti asilikali asamvere lamulo lowatuma kupha anthu osalakwa. Komabe panapita zaka 35 Papa Francis asanavomereze, mu 2015, kuti amene anamuphawo ankadana ndi chikhulupiriro chake, ndipo mu 2018 anamulengeza kuti ndi woyera.

Anzanuwo akuiwala kuti olamulira akafuna kupha Mkhristu, kawirikawiri mlandu umene amamupaka umakhala wa ndale. Mu ufumu wa Roma, munthu wokana kufukiza lubani polemekeza milungu ndi mfumu ankaonedwa ngati woukira boma, ndipo m'chaka cha 250 Mfumu Decius inalamula kuti aliyense apereke nsembe n'kulandira kalata yaumboni. Nawonso a ku Uganda amene mwawatchulawo, nkhani yawo sinali ya mapemphero okha. Charles Lwanga ndi anzake, omwe anawotchedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886, anali atumiki a kunyumba yachifumu, ndipo Kabaka Mwanga, mfumu ya ku Buganda, sanapirire kuona anyamata ake akumukanira zofuna zake pomvera Mfumu ina. M'dziko lomwelo, mu Febuluwale 1977, Arkiepiskopi wa Anglican Janani Luwum anaphedwa pambuyo poti iye ndi maepiskopi anzake anadandaula kwa Idi Amin, mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, za kuphedwa ndi kusowa kwa anthu. Boma linamunamizira kuti ankakonza chiwembu, kenako linalengeza kuti wafa pangozi ya galimoto.

Tikamatsata zonena za opha, ndiye kuti palibe wofera chikhulupiriro amene angatsale. Augustine, episkopi wakale wa ku Hippo, anaphunzitsa kuti chimene chimapanga wofera chikhulupiriro si chilango chimene walandira, koma chifukwa chimene wachilandirira. Choncho tiyenera kufunsa kuti munthuyo anakana chiyani, ankalankhulira ndani, ndipo akanapindula chiyani. Romero sankafuna mpando. Ankawerenga mayina a ophedwa ndi osowa pa ulaliki wake wa pa wayilesi chifukwa anali nkhosa zake.

Sindikunena kuti nkhani iliyonse ndi yosavuta chomwechi. Dietrich Bonhoeffer, m'busa wa ku Germany amene ananyongedwa kundende ya ku Flossenbürg pa 9 Epulo 1945, anali wogwirizana ndi gulu lomwe linkakonza zopha Hitler, ndipo Akhristu oona mtima amasiyanabe maganizo pa iye, popeza kukana kumvera lamulo loipa n'kosiyana ndi kuvomereza kukhetsa magazi.

Kwa ine malire aonekera apa: m'busa amene akudzudzula kuphedwa kwa anthu, posayang'ana chipani chimene chikulamula, akugwira ntchito imene anadzozedwera, pamene amene wasandutsa guwa kukhala nsanja yokopera mavoti, n'kutseka pakamwa anzake akalowa m'boma, akakumana ndi mavuto wakumana nawo ngati wandale. Romero ankadzudzula nkhanza za asilikali a boma ndi za magulu oukira omwe, ndipo ine ndimamuika pamodzi ndi Lwanga popanda kukayika.