Mlekeni mwana akwere kavalo wake wa ndodo

Adzukulu anga, mafunso awiri andipeza, ndipo onse akukhudza mzinda wa Osnabrück ku Germany, choncho ndiwayankha pamodzi.

Loyamba lachokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala kumeneko ndi banja lake. Mwana wake ali m'kalasi 4, ndipo aphunzitsi atumiza uthenga woti mu Okutobala ana a kalasiyo adzayenda m'misewu atakwera akavalo a ndodo, pokumbukira pangano la mtendere la mu 1648. Bambo a mwanayo akukana. Akuti mwambowo ndi wa eni dziko ndipo mwana wawo asakasanduke choseketsa. Lachiwiri ndi la mnyamata amene akuphunzira kuyunivesite komweko. Iye akuti nkhondo ija inapha anthu osawerengeka, nanga bwanji mzinda umaikumbukira ndi nyimbo, zisudzo ndi masewera a ana? Kodi si chipongwe kwa akufa?

Musanakane kapena kuvomera mwambo wa eni, yambani mwadziwa chimene chinaubala. Nkhondo imeneyi inabuka mu 1618 ku Prague, pamene akuluakulu Achipulotesitanti anaponya pawindo nduna za mfumu Yachikatolika. Inatha zaka 30. Inayamba ngati mkangano wa mipingo, koma posakhalitsa analowererapo a Denmark, Sweden, Spain ndi France, aliyense ndi dyera lake, moti France, dziko Lachikatolika, linkathandiza Apulotesitanti n'cholinga chofooketsa banja lachifumu la Habsburg, limene linkalamulira Austria ndi Spain. Asilikali ambiri anali aganyu ndipo ankadya zolanda. Akafika pamudzi ankakokolola nkhokwe, ziweto ndi mbewu yomwe. Mu 1631 mzinda wa Magdeburg unatenthedwa, ndipo anthu pafupifupi 20,000 anathera pomwepo. Ambiri mwa amene anafa pa zaka zonsezo sanafe ndi chipolopolo, anafa ndi njala ndi miliri, ndipo madera ena anataya theka la anthu ake. Mwana wobadwa nkhondo ikuyamba anakula, kukwatira, kubereka, asanaonepo chaka chimodzi chamtendere.

Mmene anaithetsera nkhondoyo ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. Adaniwo sankafuna ngakhale kukhalirana pafupi, n'chifukwa chake anasankha mizinda iwiri yotalikirana makilomita pafupifupi 50. Ku Münster kunali nthumwi za France ndi Spain, ndipo amkhalapakati anali Fabio Chigi, nthumwi ya Papa, ndi Alvise Contarini wa ku Venice. Ku Osnabrück kunali a Sweden ndi mafumu Achipulotesitanti, akukambirana ndi nthumwi za mfumu yaikulu ya banja la Habsburg lija. Makalata ankayenda pa akavalo pakati pa mizinda iwiriyo. Zokambiranazo zinatenga zaka pafupifupi zisanu, ndipo miyezi yambiri inathera pokangana kuti ndani alowe choyamba, ndani akhale mpando uti, ndani atchulidwe ndi ulemu wotani, anthu kunja akuferatu, pakuti nkhondo sinaime pamene iwo ankalankhulana. Pa 6 Ogasiti 1648 nthumwi za ku Osnabrück zinagwirana chanza. Pa 24 Okutobala pangano linasainidwa ku Münster, ndipo m'mawa mwake, pa 25 Okutobala, linalengezedwa kwa anthu pa masitepe a nyumba ya khonsolo ya mzinda wa Osnabrück.

Palibe amene anatembenuza mnzake. Mkatolika anachoka ali Mkatolika, wa Lutheran ali wa Lutheran, ndipo a mpingo wa Reformed, amene kale sankawerengedwa, analandira malo awo m'malamulo. Pa nkhani ya matchalitchi ndi minda yake anagwirizana kuti ayang'ane chaka cha 1624: amene anali ndi tchalitchicho chaka chimenecho, chikhale chake, mlandu wathera pomwepo. Ku Osnabrück kwenikweniko anachita chinthu chimene mpaka lero chimandigwira mtima. Anapangana kuti dera lawo lizilamulidwa mosinthana: akamwalira bishopu Wachikatolika alowe Wachipulotesitanti wa banja la Brunswick-Lüneburg, iyenso akamwalira abwerenso Mkatolika. Dongosolo limeneli linakhalapo zaka zoposa 150. Anthuwa sanafike pamenepa chifukwa chokondana ayi. Anali otopa, okwiya, ena ataika m'manda ana awo onse. Anangovomera kuti mdani wawo sachoka, ndipo ayenera kutunga naye madzi pachitsime chimodzi. Ife timangoti nkhondo simanga mudzi, iwo anachita kulemba papepala mmene mudziwo adzaukhalire.

Iwe mdzukulu wanga wamkazi, za akavalo a ndodowo zili chonchi. Mwambowu unayamba mu 1948, pa chikumbutso cha zaka 300 za panganolo. Nthawi imeneyo Osnabrück anali mabwinja. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha, ndipo nyumba ya khonsolo ija, imene inapsa ndi mabomba mu 1944, anali atangoikonza. Anthu amene anali atangoika maliro awoawo ndi amene anaganiza zotulutsa ana mumsewu. Anatengera nkhani yakale ya ku Nuremberg, yoti mu 1650 anyamata anakwera akavalo a ndodo n'kupita kwa Piccolomini, kazembe wa mfumu yaikulu ija, kukapempha kachikumbutso ka mtendere, ndipo iye anawasulira ndalama zasiliva. Pambuyo pake mwambowu unakhala wa chaka ndi chaka. Masiku ano ana oposa 1,000 a kalasi 4 ochokera m'masukulu a mumzindawo amapanga okha akavalo awo, amavala zisoti zapepala zamitundumitundu, n'kuyenda mpaka pabwalo la khonsolo. Amakwera masitepe omwe aja mmodzimmodzi, ndipo meya amapatsa aliyense kabuledi kopota kotsekemera kamene eni ake amati Brezel.

Mlole mwana apite. Sakagwadira chilichonse kumeneko, ndipo palibe chosemphana ndi chikhulupiriro chanu, kaya mumapemphera kuti. Pamzere umenewo pamakhala ana Achikatolika, Achipulotesitanti, Achisilamu, ndi ena amene makolo awo anathawa nkhondo ku Syria ndi ku Ukraine. Akatsala yekha kunyumba anzake onse atapita, chimene adzaphunzire n'chakuti iye si wa pamenepo, ndipo bala lotere limachedwa kupola kuposa mmene makolo timaganizira.

Inu bambo a mwana, ndalandira nkhawa yanu mwaulemu. Ndikudziwa chimene chili pansi pake: mukuopa kuti mwana akalowa kwambiri m'za eni adzaiwala za kwawo. Mantha amenewo ndi a kholo lililonse lolerera kuchilendo. Koma mwana sataya mwambo wa kwawo chifukwa wakwera ndodo ndi anzake. Amautaya pamene kunyumba salankhulidwa Chichewa, sauzidwa mfunda wake, sadziwa dzina la mudzi wa agogo ake. Konzani zimenezo. Ndipo kumbukirani kuti mlendo amene waitanidwa pamwambo n'kukana popanda chifukwa amawanyoza eni khomo. Aphunzitsi akapempha ndodo, nsalu kapena thandizo la makolo, mukhale woyamba inu. Kavaloyo mumuthandize kupanga, ndipo ngati m'nyumba muli kachidutswa ka chitenje, chikhale chingwe chake. Mukamamanga mumuuzeko kuti agogo ake anaona ndi maso anthu othawa nkhondo. A ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza akukumbukira bwino mmene abale athu a ku Mozambique, pafupifupi miliyoni imodzi, anakhalira pakati pathu mpaka pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Tsiku limenelo mpaka pano ndi tchuthi ku Mozambique. Mwana amene wamva zimenezi kwa bambo ake sangaione nkhani ya mtendere ngati ya Ajeremani okha.

Tsopano iwe mnyamata wa kuyunivesite. Funso lako ndi la munthu wa mtima, ndipo mbali ina ukunena zoona. Pangano la 1648 silinathetse nkhondo ku Ulaya. France ndi Spain anapitirizabe kumenyana mpaka 1659, ndipo dziko lomwelo la Germany ndi limene linadzetsa zoopsa zazikulu zaka pafupifupi 300 pambuyo pake. Ngakhale mu 2023, pamene Osnabrück ndi Münster ankachita chikondwerero cha zaka 375 ndi makonsati, zionetsero za zaluso ndi misonkhano chaka chonse, ku Ukraine mizinga inali ikulira. Ngati chikondwerero chili chongodzitamandira kuti ife ndife mzinda wa mtendere, ndiye kuti chaphonya, ndipo uli ndi ufulu wonena zimenezo poyera m'misonkhano yawo yomweyo.

Pamene ndikusiyana nawe ndi poti kusangalala kumanyoza akufa. Taganiza za kwathu. Maliro akachitika timalira, timagona pasiwa, koma tsiku limafika lometa, ndipo pachikumbutso timaphika, timafulula, ng'oma imalira. Palibe amene amati tanyoza womwalirayo. Tikanangokhala olira mpaka kale, ana akanathawa pakhomo, ndipo dzina la malemuyo likanathera pa ife. Mwana wa zaka 9 kapena 10 sungamuuze za Magdeburg n'kuyembekezera kuti asunge. Koma tsiku limene anayenda mumsewu ndi kavalo wopanga yekha, meya n'kumupatsa buledi m'manja, adzalikumbukira ali nkhalamba, ndipo tsiku lina adzafunsa kuti kodi zinali za chiyani. Ku Osnabrück kuli agogo amene anakwera ndodo imeneyi ali ana, lero akuperekeza adzukulu awo. Ndi mmene tsiku la 25 Okutobala lakhalira losaiwalika pakati pa anthu wamba amene sanawerengepo ngakhale mzere umodzi wa panganolo. Ku Augsburg nakonso amachita zofanana pa 8 Ogasiti, mwambo umene unayamba mu 1650: tsikulo ndi tchuthi cha mzinda umenewo wokha, ndipo anthu a zipembedzo zosiyana amabwera ndi chakudya n'kudyera pamodzi pabwalo.

Choncho pita, koma usangopita kokonsati kokha. Lowa m'nyumba ya khonsoloyo. Pachitseko pali chogwirira chosulidwa ngati nkhunda, cholembedwa chaka cha 1648. Mkati muli chipinda chimene amati Friedenssaal, kutanthauza chipinda cha mtendere, ndipo pamakoma pake pali zithunzi 42 za nthumwi ndi mafumu a nthawi imeneyo. Uziyang'ane bwino nkhope zimenezo. Sanali oyera mtima, ena anali adyera ndi onyada, koma anakhala pansi zaka zonsezo osachoka mpaka mlandu utatha. Ukatuluka mmenemo udzaonere anawo, kenako undilemberenso ngati maganizo ako akadali pomwepo.

Otsala ndi makhalidwe a patsikulo, ndipo awa ndi a nonse. Fikani nthawi imene aphunzitsi anena, chifukwa kumeneko mzere sudikira munthu. Mwana mumuveke zofunda, Okutobala wa ku Germany ndi wozizira ndipo mdima umagwa msanga. Makolo imani pambali pa msewu, musalowe pakati pa ana kapena kukankhana pamasitepe pofuna chithunzi. Jambulani mwana wanu, koma zithunzi zooneka nkhope za ana a eni musaziike pa Facebook kapena pa WhatsApp musanapemphe makolo awo, pakuti kumeneko nkhani imeneyi amaitenga mwamphamvu. Nkhani zoti mpingo uti unalakwa pankhondo ija muzisiye kunyumba. Mwana mumuphunzitse kulandira buledi ndi manja awiri monga kwathu ndi kuthokoza m'chinenero cha eni, ndipo musanachoke mukapereke moni kwa aphunzitsi ake, amene akhala milungu akuthandiza ana kudula ndi kumata akavalo amenewo.