Galimoto yangokhala, nanga chaji cha batire chikupita kuti?

Bambo wina wa ku Lilongwe, mwini galimoto ya PHEV (yoyendera petulo komanso magetsi a m'batire lotchaja pa soketi), wandilembera imelo motere: "Ndili ndi Mitsubishi Outlander PHEV ya 2015 yomwe ndinaitanitsa ku Japan. Ndisanapite ku Johannesburg ndinaitchaja mpaka kudzaza, ikuonetsa makilomita 38. Pobwera patatha masabata atatu ndapeza ikuonetsa 29, chonsecho palibe anaigwira. Kodi batire likutha? Ulendo wina ndizisiya ili pa chaja?"

Bambo, mtima m'malo. Nambala ya makilomita ija si sikelo yoyezera magetsi omwe ali m'batire. Kompyuta ya galimoto imangoyerekeza, potengera momwe munayendetsera maulendo apitawa, kutentha kwa tsikulo, komanso ngati AC yayatsidwa. Yesani nokha: lizani galimoto, yatsani AC, muona nambalayo ikutsika pomwepo musanachoke pa geti. Choyenera kuyang'ana ndi mizere ya batire pa dashibodi. Ngati yatsika ndi umodzi, kapena ili pomwe munaisiya, palibe mlandu.

Galimoto yanuyo ili ndi mabatire awiri. Lalikulu, la lithium-ion, lili pansi pa galimoto, ndipo mu Outlander ya chaka chimenecho linatuluka m'fakitale lili la 12 kWh (kWh ndi muyeso wa magetsi omwe batire limasunga). Mukazimitsa galimoto, masiwichi a mkati mwa batirelo amatseguka n'kulilekanitsa ndi china chilichonse. Likakhala chonchi limataya lokha pang'ono chabe, peresenti imodzi kufika zitatu pa mwezi. Pa 12 kWh, peresenti ziwiri ndi 0.24 kWh, magetsi oyendera kilomita imodzi ndi kakanthu. Kotero makilomita 9 sangathe mwa njira imeneyi.

Lachiwiri ndi laling'ono la 12V, longa la galimoto wamba, ndipo mu Outlander analibisa kumbuyo, pansi pa buti. Ili siligona. Limadyetsa alamu, kachipangizo kodikira kiyi wa rimoti, wotchi, Wi-Fi ya galimoto, kuphatikizapo zonse zomwe ife timawonjezera: tracker, kamera ya pa galasi, wailesi yomwe tinaikitsa m'malo mwa ija yolankhula Chijapani. Kuti lisaphwe, magalimoto ena amadzidzutsa okha n'kutapa magetsi m'batire lalikulu kuthira m'laling'ono. Outlander yokhala ndi Wi-Fi imachita zimenezi kamodzi pa tsiku, ndipo Hyundai ndi Kia nawo ali ndi dongosolo lotere lomwe amalitcha Battery Saver+. Batire laling'onolo likakalamba, kapena likamakamidwa usiku ndi usana ndi kamera yolumikizidwa mwachisawawa, lalikulu ndilo limalipira. Ine ndikanayambira pamenepa kufufuza.

Onaninso ngati mulibe nthawi yoikidwiratu yoyatsira AC kapena hita. Galimoto yochokera ku Japan ikhoza kubwera ndi zomwe mwini wake woyamba anatchera, n'kumadzitenthetsa m'mawa uliwonse ngati ikadali m'chisanu cha ku Sapporo. Zimenezo ndiye zimadya magetsi ambiri, kuposa zonse ndatchulazi.

Kunena zoona, chomwe chidzakusiyeni pa msewu si batire lalikulu ayi. Laling'ono likaphwa, kompyuta siidzuka, masiwichi aja satseka, ndipo galimoto siifika pa READY, chizindikiro cha pa dashibodi chakuti yakonzeka kuyenda, ngakhale lalikulu litadzaza. Zili ngati nkhokwe yodzaza chimanga koma wosunga kiyi wapita kumaliro. Tiwerengere limodzi: galimoto yabwinobwino ikazima imakoka osapitirira 50 mA, kutanthauza 1.2 Ah pa tsiku, 36 Ah pa masiku 30 (mA ndi muyeso wa magetsi omwe akukokedwa, Ah ndi wa magetsi omwe achoka kapena osungidwa m'batire). Batire la 45 Ah lomwe lakhala masabata pa sitima ya pamadzi ndi pa doko la Dar es Salaam, kenaka zaka zingapo m'manja mwanu, silingapirire zimenezo ngati palibe cholithirira. Gulani multimeter, kachipangizo koyezera ma volt a batire, si yodula. Galimoto itagona usiku wonse, 12.6V ndiye kuti lili bwino, 12.2V lili pakati, likatsika pansi pa 12.0V yambani kusaka lina.

Za kusiya pa chaja masabata atatu, ine sindingavomereze. Batire la lithium-ion limakalamba msanga likakhala lodzaza mpaka kukamwa kwinaku kukutentha, ndipo galimoto yoima pa dzuwa la Okutobala mumadziwa momwe imapsera. Komanso ndi kuthimathima kwa magetsi kuno, chaja yosiyidwa pa soketi popanda woyang'anira imalandira nkhonya nthawi iliyonse magetsi akabwera. Isiyeni batire lili cha pakati, peresenti 40 mpaka 60, pamthunzi, kiyi ali kutali ndi galimoto. Zulani kamera. Ngati pali munthu wodalirika pakhomo, aziiliza mpaka pa READY kamodzi pa sabata kwa ola lathunthu, giya ili pa P, panja osati m'galaja yotseka chifukwa injini ikhoza kulira yokha. Ndi malangizo omwe a Toyota ku Britain anapereka kwa eni magalimoto a hybrid (oyendera petulo ndi batire) mu 2020, anthu atatsekeredwa m'nyumba chifukwa cha Covid-19. Kungoyatsa wailesi osafika pa READY sikutchaja kanthu, m'malo mwake kumamaliza batire laling'onolo.

Musadzadabwenso injini ikadzalira yokha mutabwera, batire lili lodzaza. Outlander ikatha miyezi itatu osathiridwa petulo wosachepera malita 15, imayatsa injini yokha dala kuti mafuta akale asaonongekere m'thanki.

Nthawi yopita kwa makaniko ndi iyi: mwachotsa zowonjezera zonse, batire la 12V lili bwino, palibe AC yotcheredwa, koma mizere ikugwabe iwiri kapena itatu pa sabata. Pamenepo pezani wodziwa ma hybrid amene ali ndi kompyuta yowerenga mphamvu ya selo iliyonse (timabatire ting'onoting'ono topanga batire lalikulu), chifukwa selo imodzi yofooka imakokera pansi batire lonse. Mawaya a mtundu wa lalanje aja amanyamula ma volt pafupifupi 300, musalole mnyamata wa pa galaja ya pansi pa mtengo kuwagwira.